Mutu wa Banja

Lachitatu sinditsegula shopu.
Makina osokera ndimawafunditsa chitenje,
ndimatenga fayilo yabuluu
imene anandipatsa a Chimkwende ku ofesi yoona za ana,
kenako njinga, kutsetsereka kumunsi kwa Lizulu
mphepo ya Juni ikundiluma makutu.

Ntchitoyi ilibe malipiro.
Anatipatsa tisheti, mabolopeni awiri,
ndi mawu akuti: mukafika musayambe ndi mafunso,
yambani mwakhala pansi.

Ndinakhala pansi.
Pa njerwa, poti mpando anagulitsa.
Fomu ikuti: Mutu wa banja.
Ndinayang'ana kukhomo kudikira wamkulu atuluke,
Ndaziona nati, ndine ndemwe.
Zaka? Khumi ndi zinayi, kapena zisanu,
khadi la kusikelo linavunda ndi kudontha kwa denga.
Amayi? Anatisiya chaka chatha, nthawi yokumba kachewere.
Abambo? Analoza ndi mlomo kutsidya kwa msewu
kumene Mozambiki amayambira,
ngati munthu woloza mvula imene ikugwa kwa eni.

Kabokosi ka njira zopezera ndalama
n'kochepa ngati ka machesi.
Ndilembemo bwanji kuti amadzuka tambala woyamba
kukatola kabichi ndi karoti zogwa m'matumba a mavenda,
kuzitsuka pa mjigo, kuziunjika timilu,
n'kumathamangira mawindo a mabasi a ku Blantyre
akufuula mtengo umene akudziwa kale kuti autsitsa?
Ndinalemba: geni.

Zaithwa, wa zaka zisanu ndi ziwiri, sanandiyankhule.
Maso ake anali pa tepi yoyezera
imene ndinaiwala m'khosi.
Wamng'onoyo, Lekeleni, anandigwira chala
ndi kadzanja kozizira ngati mpopi wa m'mawa,
ndipo fomu ilibe polemba zimenezo.

Ndisaname, usiku umenewo ndinafuna kusiya.
Mkazi wanga anati, ana a eni ake
adzakutherani ulusi ndi mtima womwe.
Sananame. Koma kutacha
ndi iye yemwe anakulunga m'pepala juzi ya mwana wathu,
ija yakhala pansi pa sutikesi zaka zisanu
tonse awiri osaitchula.

Zinthu zimayenda ngati ngolo ya ng'ombe imodzi.
Kalata ya kwa ahedi inadya milungu itatu.
Dzina lawo pa mtukula pakhomo akuti lidakali m'kompyuta.
Kwa azakhali awo ku Tsangano ndinapitako kanayi,
katatu ndinayankhula ndi msana wawo.
Kachinayi anaimika khasu nandifunsa
ngati Lekeleni adakakodzabe pogona.
Pamenepo ndinadziwa kuti chitseko chasuntha pang'ono.

Yunifolomu ndinasoka ndekha, usiku,
nyali ya sola ikuphethira.
Ndinasiya mpendero waukulu
kuti chaka chamawa tidzangomasula.
Ndaziona anaivala, nazolika, nati,
nanga kumsika apita ndani?
Yankho lonse la funso limenelo ndilibe.
Ndili ndi theka chabe:
Loweruka, azakhali, ndi ifeyo tikatha.

Dzulo ndinakumana ndi Zaithwa panjira ya kusukulu.
Moni sanandipatse.
Anangotulutsa m'thumba ulusi wa saka ya feteleza
umene waumanga timfundo motalikirana,
nandiyeza mkono, kuchokera paphewa kufika kuchala,
nkhope ili gwa ngati ya telala weniweni,
nati, mwakula.

Nditafika kunyumba ndinatsegula fayilo.
Kumapeto kwa fomu kuli mzere wakuti: Zina zoonjezera.
Bolopeni ndinaigwira mpaka tiyi anazizira.
Kunja malole a mbatata akubuula pachitunda,
chifunga chikumeza magetsi a pamsika limodzilimodzi.
Ndinalemba:
Ndipitakonso Lachitatu.